Boma lilipire ntchito ya achinyamata monga limalipirira sukulu ndi chipatala

Kalembera wa 2018 anawerenga anthu 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo oposa theka anali asanakwanitse zaka 18. Ndondomeko ya boma imati wachinyamata ndi aliyense wa zaka 10 mpaka 35. Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amanena poyera kuti chitukuko chathu chitsamira pa achinyamata. Koma kafunseni ofesi ya achinyamata pa boma. M'maboma ambiri mukapezamo munthu mmodzi, amene onse amangomutchula kuti DYO, mwina ndi womuthandiza mmodzi, akuyang'anira makalabu omwazikana m'madera a mafumu onse a bomalo. Mafuta oti ayendere makalabuwo samakwana. Nthawi zambiri amafika kumudzi tsiku limene galimoto ya bungwe lina ikupita komweko n'kumupatsa mpando.

Mfundo yanga ndi iyi: ntchito ya achinyamata iyenera kulowa m'bajeti ngati ntchito ya tsiku ndi tsiku ya boma, yokhala ndi antchito olipidwa mwezi ndi mwezi, malo odziwika ndi ndalama zofika pa nthawi yake. Panopa timaichita ngati pulojekiti, yobwera ndi chikwangwani ndi matisheti, n'kutha pakapita zaka zitatu. Ndalama ziwonjezeke ndithu, koma zikawonjezeka n'kumadutsa m'njira zomwezi, sitiona kusintha.

Tiyambe ndi maola amene palibe amawawerengera. Mwana wa pulayimale amaweruka masana. Kuchokera pamenepo mpaka dzuwa kulowa, makolo ali kumunda, kumsika kapena ku ganyu. Kwa zaka zambiri, osankhidwa kupita ku sekondale za boma akhala osakwana theka la okhoza mayeso a Sitandade 8, ndiye pali khamu la ana a zaka 14, 15, 16 amene tsiku lonse ndi lawo. Amene amawalandira pa maola amenewo ndi nyumba yoonetsera mafilimu, malo obetchera mpira, mayi wotcheza kachasu, ndi bambo wa pa golosale amene ali ndi ndalama ya sopo ndi mafuta odzola. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, ndipo linachita bwino, koma kuletsa sikupatsa mwana kwina kopita.

Tinaona kale zimene zimachitika ana akakhala opanda wowayang'ana. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, kafukufuku wa boma lomwe anapeza atsikana oposa 40,000 atatenga mimba ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yochepa chabe. Malamulo analipo: lamulo la maukwati la 2015, ndiponso kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko kwa 2017 komwe kunakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wokwatira. Chinasowa ndi munthu wa pamudzi amene ntchito yake n'kudziwa kuti mwana wakuti sakuoneka, n'kupita kukagogoda pakhomo. Ngakhale Covid isanabwere, kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anasonyeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali ndi mwana kapena oyembekezera, ndipo amayi 42 pa 100 a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanafike zaka 18.

Mlangizi wa achinyamata ndi munthu ameneyo. Ntchito yake si kuyimbitsa nyimbo pa mwambo wa alendo. Amakhala ndi kaundula wa ana osapita kusukulu m'dera la gulupu aliyense: dzina, zaka, kalasi imene anasiyira, chifukwa chake. Akapeza mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba, amadziwa kuti ndondomeko yobwezera atsikana otere kusukulu ilipo kuyambira 1993, amapita naye kwa mphunzitsi wamkulu, amakambirana ndi gulu la amayi la pasukulupo za yemwe adzasunge khanda. Akapeza mnyamata wa zaka 13 amene sanafike Sitandade 5, amamulumikiza ku makalasi a CBE, ophunzitsa ana amene anasiya sukulu, ngati alipo m'deralo. Mnyamata akagwidwa ataba nkhuku, mlangizi amakumbutsa apolisi ndi mfumu kuti lamulo la chisamaliro ndi chilungamo cha ana la 2010 limalola milandu ing'onoing'ono kuthera kunja kwa khoti, mwana asanaone chipata cha malo osungira ana olakwa a Mpemba kapena Chilwa. Wina akayamba kudzipatula, kusadya, kulankhula za imfa, mlangizi wophunzitsidwa amazindikira msanga n'kumutengera kuchipatala. Zipatala za matenda a maganizo monga cha ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu zili kutali ndi anthu ambiri, ndipo amene amafikako ndi amene wina anawaona nthawi ikadalipo.

Ntchito yonseyi imayenda ndi chikhulupiriro, ndipo chikhulupiriro chimatenga nthawi. Mtsikana sauza mlendo wa tsiku limodzi kuti malume ake amalowa kuchipinda kwake usiku. Amauza munthu amene wamuona Lachiwiri lililonse kwa chaka chathunthu. Apa ndi pamene mapulojekiti amagwera. Chaka choyamba chimathera pa kulemba antchito ndi kudziwitsa mafumu, chachiwiri ntchito imagwirika, chachitatu antchito ayamba kale kufunsira ntchito kwina poti akudziwa tsiku lotsekera. Odzipereka amene analandira njinga ndi kangachepe ka pamwezi amasiya kangachepeko kakatha, ndipo sitingawadzudzule, nawonso ali ndi mabanja. Bungwe lotsatira likabwera limayambitsa kalabu yatsopano ndi dzina latsopano, m'mudzi momwemo, ndi ana omwewo.

Chaka cha 2025 chinationetsa kuopsa kwa kudalira kumeneku. Mu Januwale boma la America linayimitsa thandizo lake la kunja, ndipo pakati pa chaka bungwe lake lopereka thandizolo la USAID linali litatsekedwa. Ntchito zoteteza atsikana ku HIV monga za DREAMS, zomwe zinayambira ku Machinga ndi Zomba n'kudzafikanso ku Blantyre, zinkayendera ndalama za dziko lomwelo. Chisankho chopangidwira ku Washington chinafika mpaka pansi pa mtengo pamene atsikana ankakumanirana. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Abwenzi akunja athandize kumanga, kugula zipangizo, kuyesa njira zatsopano, koma malipiro a mlangizi ndi mafuta a njinga yake zichokere m'thumba la boma la Malawi.

Boma likafunsidwa za achinyamata, yankho lake lozolowereka ndi ngongole. Tinali ndi thumba la ngongole la MARDEF mu 2005, YEDF mu 2010, ziwirizi zinaphatikizidwa kukhala MEDF mu 2014, kenako NEEF mu 2020. Dzina limasintha, dandaulo silisintha: ngongole zambiri sizibwezedwa, ndipo zina zimagawidwa poyang'ana mtundu wa nsalu ya chipani. Koma ngakhale pamene palibe ndale, ngongole yopanda mlangizi imafa pa zifukwa zodziwikiratu. Gulu limapempha ndalama za ulimi wa chimanga, ndalamazo n'kutuluka mu Januwale mbewu za anzawo zili m'mawondo. Gulu lina limagula anapiye a mazira, amene sayikira mpaka atakwana pafupifupi miyezi isanu, pamene kubweza ngongole kukuyamba mwezi wotsatira. Amabweza pogwiritsa ntchito mpamba womwewo, chakudya cha nkhuku n'kuwathera pa mwezi wachitatu. Oweta nkhuku zachikuda amataya khola lonse ndi chitopa chifukwa palibe anawauza kuti katemera wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, miyezi itatu kapena inayi iliyonse, nkhuku zisanayambe kudwala. Mbuzi imatenga miyezi isanu ili ndi bere, ndiye pulogalamu yopatsirana mbuzi siyingaweruzidwe pa miyezi isanu ndi umodzi. A dimba onse a m'dambo limodzi amawokera tomato sabata imodzi, n'kukakumana pamsika tsiku limodzi, mtengo n'kugwa.

Chimodzimodzi maphunziro a ntchito zamanja. Makoleji a boma a ntchito zamanja monga Soche, Lilongwe, Nasawa, Salima, Namitete, Mzuzu ndi Livingstonia, pamodzi ndi makoleji a m'madera omwe anayamba mu 2015, amalandira ochepa poyerekeza ndi ofuna malo. Enawo amaphunzira miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi kudzera m'mapulojekiti, n'kupatsidwa zida poyambira. Vuto limayambira pa tsiku lolandira zidalo. Makina osokera amodzi amapatsidwa kwa anthu khumi, popanda mgwirizano wolembedwa wa yemwe azisunga ndi yemwe azigula singano, ulusi ndi mafuta. Pakatha miyezi iwiri makinawo ali kunyumba kwa wapampando. Makina owotcherera zitsulo amapita kumudzi kopanda magetsi a ESCOM. Akalipentala atsopano khumi amatulutsidwa pamsika umodzi umene umagula mabedi owerengeka pamwezi. Zonsezi mlangizi wokhala m'deralo amaziona zisanachitike. Iye ndi amene angafunse kaye kuti pamsika uno pakusowa chiyani, kuona kuti okonza njinga zamoto za kabaza, oyika ndi kukonza magetsi a sola kapena okonza mijigo alipo ochepa, n'kutumiza achinyamata kumeneko. Ndipo akaphunzira, amawayendera mwezi uliwonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, kuona kabuku ka zolowa ndi zotuluka, kuwalowetsa mu banki mkhonde kuti aphunzire kusunga ndi kubweza ndalama zazing'ono asanasenze ngongole yaikulu. Ngongole ikhale sitepe yomaliza. Ife timaiyika poyambirira.

Nanga boma ligule chiyani? Choyamba ndi anthu. Dera la T/A aliyense likhale ndi mlangizi wa achinyamata wolembedwa ntchito ndi khonsolo, madera akuluakulu awiri, mwamuna ndi mkazi. Dziko lonse chiwerengero chake ndi mazana angapo basi. Si zachilendo: unduna wa zaumoyo uli ndi alangizi a zaumoyo masauzande m'midzi, ndipo cholinga chake ndi mlangizi mmodzi pa anthu 1,000. Ndi iwo amene apangitsa kuti sikelo ndi katemera wa ana zifike kumudzi. Mwana yemweyo akakwana zaka zisanu timamusiya m'manja mwa mphunzitsi wa kalasi yodzaza, ndipo akasiya sukulu palibenso wa boma amene amamudziwa dzina. Kophunzitsira alangiziwa sikosowa. Koleji ya Magomero ku Chiradzulu yakhala ikuphunzitsa alangizi a chitukuko cha m'midzi ndi a chisamaliro cha anthu kwa zaka zambiri, ndipo achinyamata omaliza maphunziro a chitukuko m'mayunivesite athu ali pakhomo kudikira ntchito.

Mlangizi mmodzi asapatsidwe makalabu opitirira 15, ndipo iliyonse aziyifika kamodzi pamwezi kapena kuposa. Kalabu yabwino imakhala ya anthu 25 mpaka 30. Ikapitirira apo amalankhula ndi asanu okha, ena amangodzaonerera. Ayenera kukhala ndi njinga yamoto, mafuta okwana malita 30 pamwezi, ndi ndalama ya sevisi yolembedwa payokha. Mfundo ya sevisiyi isaoneke yaing'ono. Kuseri kwa maofesi a makhonsolo kuli njinga zamoto zambiri zimene zinaima chifukwa cha tcheni, tayala kapena batire, poti wogula njingayo sanayike ndalama yokonzera.

Chachiwiri ndi malo, ndipo apa ndikusiyana ndi amene amaganiza za nyumba zikuluzikulu. Bwalo la Bingu ku Lilongwe ndi nyumba ya masewero ya Griffin Saenda, imene inamangidwira masewero a achinyamata a m'chigawo chino cha Africa mu Disembala 2022, zili ndi ntchito yake. Koma mtsikana wa ku Nthalire kapena ku Makanjira sadzaponda m'menemo. Iye akufunika chipinda chimene angafike ndi miyendo pasanathe ola limodzi. Zipinda zoterozo zilipo kale: kalasi ya pulayimale ana akaweruka, holo ya pa TDC pomwe aphunzitsi amachitira maphunziro awo, kanyumba ka sukulu ya mkombaphala masana. Chofunika ndi mgwirizano wolembedwa pakati pa khonsolo, mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu, wonena masiku, maola, wosunga kiyi ndi wolipira galasi likasweka. Popanda pepala limenelo, mphunzitsi wamkulu akasamutsidwa kalabu imabwerera pansi pa mtengo, ndipo dzinja likafika imatha. M'chipindamo mukhale bokosi lachitsulo lokhoma, sola imodzi ya mawati 100 ndi batire lake yowunikira owerenga ndi kutchajira foni, mabuku, bawo, ndi chimbudzi chokhala ndi chitseko pafupi ndi madzi. Atsikana amasiya kubwera pamalo opanda chimbudzi chotsekeka, ndipo sanena chifukwa chake.

Bwalo la mpira nalo lili ndi zake. Mpira umodzi pa bwalo la miyala sutha chaka, choncho kupereka mpira umodzi pa mwambo n'kujambulitsa si thandizo. Kalabu izilandira mipira inayi ya miyendo ndi inayi ya manja pa chaka, pampu ndi singano zake, mpira watsopano uzituluka wakale akabweza. Chachikulu kuposa mipira ndi malo enieniwo. M'matauni ndi m'misika ikuluikulu mabwalo akutha, akudulidwa mapuloti. Khonsolo iliyonse iyeze mabwalo a m'dera lake, iyike zizindikiro za malire ndi kuwalembetsa ngati malo a anthu onse. Zimenezi zimafuna ndalama ya woyeza malo kamodzi kokha, pamene bwalo likamangidwapo nyumba silibwereranso.

Msinkhu wa zaka 10 mpaka 35 ndi wotambalala kwambiri, ndipo ndalama zikangolembedwa kuti "za achinyamata" zimathera kwa akuluakulu a gululo. Bambo wa zaka 33 wa ana atatu ndi amene amakhala wapampando wa netiweki, amapita ku misonkhano, amalandira alawansi. Mwana wa zaka 12 samuyitana n'komwe. Bajeti igawe misinkhu: 10 mpaka 14, 15 mpaka 19, ndi 20 kupita m'tsogolo, gawo lililonse ndi ndalama zake ndi tsiku lake lokumana. M'mera mpoyamba: zaka za 10 mpaka 14 ndi pamene mwana amasankha kupitiriza sukulu kapena kusiya, ndipo ndi gulu lotchipa kulisamalira chifukwa silifuna mpamba, limafuna munthu wamkulu wodalirika, masewero ndi thandizo pa kuwerenga. Misonkhano ya atsikana izitha dzuwa likadalipo kuti afike kwawo kukuwala, apo ayi makolo amawaletsa, ndipo amakhala akulondola.

Pali chinthu china chimene sitikonda kuchitchula. Malo osonkhanitsa ana amakopanso anthu ofuna kuwachita zoipa. Nkhani za wophunzitsa mpira kapena mtsogoleri wa kalabu amene wapereka mimba kwa membala si zachilendo. N'chifukwa chake ntchitoyi siyingasiyidwe kwa aliyense wodzipereka popanda womuyang'anira. Wogwira ntchito ndi ana afufuzidwe kupolisi ndi kwa mfumu asanayambe, asayine malamulo a khalidwe, ndipo pasakhale wamkulu wotsala yekha ndi mwana m'chipinda chotseka. Paulendo wokasewera kwina atsikana azipita ndi mayi wamkulu. Nambala yaulere yothandiza ana ya 116 ilembedwe pakhoma. Kuyang'anira kotereku kumafuna munthu wolipidwa amene angachotsedwe ntchito akalekerera.

Za zipatala ndingonena mwachidule, poti ndondomeko ya chithandizo chokomera achinyamata ilipo kuyambira 2007. Kachipinda ka achinyamata kamene kamatsegulidwa m'mawa wa tsiku la sukulu sikathandiza mwana wa sukulu. Kazitsegulidwa masana ndi Loweruka, kakhale ndi khomo losayang'ana pamzere wa amayi a sikelo pomwe pakhala azakhali ake, ndipo njira zolerera ndi zoyezera zisamathe. Wachinyamata akabwezedwa kamodzi kuti mankhwala kulibe sabweranso. Ndalama yofunika apa ndi ya maola owonjezera a namwino, ndipo mlangizi ndiye mlatho pakati pa kalabu ndi kachipindako.

Tsopano kayendedwe ka ndalama, pamene zolinga zabwino zambiri zimafera. Chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo. Ndalama zoyendetsera ntchito, zimene m'makhonsolo amazitcha ORT, zimayenera kufika mwezi ndi mwezi, koma zimachedwa, zimafika zoperewera, miyezi ina osafika. Gawo la achinyamata ndi laling'ono kale, ndiye likadulidwa limangokwana mapepala ndi mayunitsi. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mafuta ndi zipangizo unakwera, ndipo ndalama yomweyo inayamba kugula maulendo ochepa. Ndalama zikaunjikana n'kutuluka kumapeto kwa chaka, njira yachangu yozithera ndi msonkhano umodzi wa masiku atatu ndi maalawansi. Malipoti amaoneka bwino, koma palibe kalabu imene yayenderedwa.

Kukonza kwake kuli motere. Ndalama za achinyamata zikhale ndi mzere wakewake umene khonsolo singabwereke kulipirira zina. Zigawidwe potengera chiwerengero cha achinyamata ndi kukula kwa boma, pakuti ulendo wa mlangizi ku Mzimba si wofanana ndi wa ku Chiradzulu. Pa K100 iliyonse, K70 izigwira ntchito pa T/A ndi m'makalabu, ndipo pakhale malire olembedwa a ndalama zopita ku misonkhano ndi miyambo yokhazikitsa zinthu. Zizituluka pa miyezi itatu iliyonse, kumayambiriro, kuti mlangizi athe kukonza ntchito molingana ndi nyengo: maphunziro a ulimi wa m'dimba mu Epulo ndi Meyi, mipikisano ya masewero pa tchuthi chachikulu, kalondolondo wa osabwerera kusukulu m'masabata awiri oyamba a teremu. Ndipo ndalama iliyonse yofika ilembedwe pa bolodi la khonsolo ndi pa bwalo la T/A, kuti komiti ya chitukuko ya ADC ndi achinyamata eniake aziona.

Ena ati ndalama kulibe, ndipo sakunama: chiwongoladzanja cha ngongole za boma chikudya gawo lalikulu la bajeti, mankhwala akusowa, aphunzitsi ophunzitsidwa kale akudikira kulembedwa. Koma ndalama za achinyamata osasamalidwa tikulipira kale, kungoti timalipirira kumapeto. Timalipira pa opaleshoni ya mtsikana wa zaka 15 amene chiuno chake sichinakhwime, pa khanda lobadwa masiku asanakwane, pa ma ARV a moyo wonse, pa chakudya cha mkaidi wa ku Bvumbwe, pa ngongole zosabwezedwa. Dziko la England linayesa kupulumutsa ndalama mwa njira imeneyi. Kuchokera mu 2010 makhonsolo a kumeneko anadula ndalama za ntchito za achinyamata ndi pafupifupi 70 peresenti, makalabu ambiri n'kutsekedwa. Kafukufuku amene bungwe la Institute for Fiscal Studies linatulutsa mu 2024, woona za ku London, anapeza kuti ana amene kalabu ya pafupi nawo inatsekedwa anakhoza mochepa pa mayeso ndipo opalamula milandu pakati pawo anachuluka, moti pa paundi imodzi yopulumutsidwa dziko linataya pafupifupi atatu. Ngati zinatero m'dziko limene mwana aliyense ali ndi malo ku sekondale, kuli bwanji kuno?

Kopeza ndalama kulipo ngati tisankha. Gawo la ndalama zimene zimapita ku ngongole za achinyamata lisamutsidwire ku malipiro a alangizi. Ngongole zotsalazo zidzabwezedwa bwino chifukwa padzakhala woziyang'anira. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF, lomwe tsopano likugawidwa m'madera 229, likhale ndi gawo lokhazikika la mabwalo, zimbudzi ndi sola za malo a achinyamata. Olemba anthu ntchito amapereka kale 1 peresenti ya malipiro ku thumba la TEVET la maphunziro a ntchito zamanja. Gawo lina la ndalamazo lilipire amisiri a m'misika amene akuphunzitsa achinyamata pa ntchito, ndi maulendo owayendera akamaliza. Ndipo msonkho wochokera ku mowa ndi kubetcha, malonda amene amadya kwambiri m'matumba mwa anyamata, upereke gawo lodziwika ku ntchito imeneyi.

Nkhawa ina ndi ya akuluakulu amene anaona a Payoniya, ndipo ndi nkhawa yoyenera kuilemekeza. Gulu la Malawi Young Pioneers, lomwe linayamba mu 1963, linali ndi malo ophunzitsira ulimi ndi ntchito zamanja m'maboma ambiri, ndipo alipo amene mpaka lero amadya za luso limene anaphunzira kumeneko. Koma gulu lomwelo linali ndi mfuti, linkatseka anthu pa zipata za misika kufuna khadi la chipani, mpaka asilikali analilanda zida mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani. Titachotsa choipacho tinataya ndi chabwino chomwe, ndipo m'malo mwake munalowa anyamata a zipani odzipaka penti, olipidwa ndi mowa. Bungwe la National Youth Council of Malawi linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa National Youth Service ku Neno, koma palibe mwa ziwirizi chimene chili ndi munthu wokhazikika pa T/A aliyense. Chitetezo ku mzimu wa Payoniya ndi malamulo omveka: alangizi alembedwe kudzera ku komishoni yolemba antchito a makhonsolo, pa mayeso ndi mafunso, osati pa kalata ya phungu, pamalo a achinyamata pasalowe nsalu kapena nyimbo ya chipani chilichonse, kalabu isatengedwe pa lole kukadzaza msonkhano wa ndale, ndipo mlangizi wochita zimenezo achotsedwe.

Enanso ati kulera ndi udindo wa makolo, mipingo ndi mizikiti. N'zoona, ndipo magulu a achinyamata a m'mipingo, a Scout, a Girl Guide ndi matimu a m'midzi akugwira kale ntchito yaikulu popanda tambala ya boma. Mlangizi sabwera kudzawalanda ntchito. Amabwera kudzawaphunzitsa za chitetezo cha ana, kuwagawira zipangizo, ndi kufufuza amene sali m'gulu lililonse: mwana wamasiye woleredwa ndi agogo, wolumala amene sangafike pabwalo, wachialubino amene makolo amaopa kumutulutsa, mtsikana wantchito wa m'nyumba za m'tauni, mnyamata wogona kudoko kudikira mabwato. Ana amenewa sabwera okha ngakhale kalabu itakhala yabwino chotani. Amafunika wowatsatira, ndipo wowatsatirayo amafunika mafuta.

Sikofunika kuyamba dziko lonse tsiku limodzi. Boma lisankhe maboma asanu ndi limodzi, awiri m'chigawo chilichonse, kuyambira kumene mimba za atsikana ndi kusiya sukulu zili zambiri, liyike alangizi m'ma T/A onse a mabomawo kwa zaka zitatu zosadukiza. Poyamba pawerengedwe ana osapita kusukulu, atsikana osakwana zaka 18 obwera ku sikelo ya amayi oyembekezera, ndi milandu ya ana yofika kupolisi. Manambala amenewa ali kale m'makaundula a sukulu, a zipatala ndi a polisi, safuna kafukufuku wodula. Chaka chilichonse awerengedwenso ndi kuyerekezedwa ndi maboma oyandikana nawo. Muyeso usakhale chiwerengero cha "achinyamata ofikiridwa", chifukwa aliyense wodutsa pa msonkhano wa chimkuzamawu amalowa m'chiwerengero chimenecho. Muyeso ukhale wa amene abwera ku kalabu kosachepera katatu pamwezi, amene abwerera kusukulu n'kumaliza chaka, ndi mabizinesi amene akadali moyo patatha miyezi 12.

Nduna ya zachuma imayendera zigawo kumva maganizo a anthu bajeti isanalembedwe, ndipo makomiti a aphungu amaunika ndalama za unduna uliwonse bajetiyo isanavomerezedwe. Pamenepo ndi pofunika kufunsa, ndi manambala m'manja: chaka chathachi ofesi ya achinyamata ya boma lakuti inalonjezedwa zingati, inalandira zingati, mwezi uti, ndipo pa antchito a boma olipidwa kuti azigwira ntchito ndi achinyamata, ndi angati amene amagona kunja kwa likulu la boma. Netiweki ya achinyamata ya boma lililonse ingathe kupempha manambala amenewa kwa DC polemba kalata, pogwiritsa ntchito lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga lomwe linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, n'kuwapereka kwa phungu wawo Nyumba ya Malamulo isanakhale.